Zilazi zitatu za Ezeulu: Ulu ndiye analankhula, kapena mkwiyo?

Buku la Chinua Achebe lotchedwa Arrow of God (Muvi wa Mulungu), lomwe linatuluka mu 1964, limayamba ndi nkhalamba itakhala pakhomo chakumadzulo, maso ali kumwamba, ikudikira mwezi. Nkhalambayo ndi Ezeulu, wansembe wamkulu wa mulungu wotchedwa Ulu ku Umuaro, dera la midzi isanu ndi umodzi ya Aigbo kum'mawa kwa Nigeria, m'zaka za m'ma 1920. Mwezi ukangooneka amaliza chitsulo chake kuti aliyense amve, kenako amatenga chilazi chimodzi mwa zilazi zopatulika zomwe amasunga, n'kuchiwotcha, n'kuchidya yekha chopanda mafuta. Mwezi uliwonse chimodzi. Chikatsala chimodzi chokha amalengeza tsiku la chikondwerero cha zilazi zatsopano, ndipo tsikulo lisanafike anthu sayamba kukolola. Kalendala ya dera lonse, ndi chakudya cha dera lonse, zili m'manja mwa munthu mmodzi ameneyu.

Ambiri amene anawerenga bukuli amamugawa Ezeulu pawiri. Amamutamanda chifukwa anakana ufumu womwe mzungu anamupatsa, ndipo amamudzudzula chifukwa anakana kulengeza zokolola mpaka anthu ake anagona ndi njala. Poyamba ati anali ngwazi, pamapeto ati anali wodzikuza. Ine kugawa kumeneku sindikuvomera. Munthu amene anakana mzungu ndi yemweyo amene anakana anthu ake, ndipo anawakana ndi mtima umodzimodzi, akukhulupirira kuti akumvera Ulu. Chomwe chinamugwetsa n'chakuti chikumbumtima chake chinali chakuthwa kwambiri poweruza ena, koma pamene mawu a mulungu wake anayamba kufanana ndendende ndi chakukhosi chomwe iye anasunga, sanaime n'kudzifunsa kuti akulankhula ndani.

Tisamupeputse munthuyu, chifukwa kulimba mtima kwake kunali kwenikweni. Zaka zisanu nkhaniyi isanayambe, Umuaro inakangana malo ndi anthu a ku Okperi. Ezeulu anaimirira pabwalo n'kunena kuti bambo ake anamuuza kuti malowo ndi a Okperi, ndipo Ulu sangamenye nkhondo yopanda chilungamo. Nwaka, mwamuna wolemera ndi wodziwa kulankhula wa m'mudzi wa Umunneora, anamutsutsa, anthu n'kutsatira Nwaka. Nkhondo inachitika, anthu anafa, mpaka Captain Winterbottom, mkulu wa boma la atsamunda m'chigawocho, anabwera ndi asilikali, analetsa nkhondoyo n'kuthyola mfuti za anthu. Pa mlandu wa malowo Ezeulu anachitira umboni motsutsana ndi anthu a kwawo, pamaso pa mlendo. Aliyense amene anakulira m'mudzi akudziwa mtengo wa chinthu chotere. Kunena zoona zopweteka abale ako pamlandu wa malo, iwe n'kubwerera kukagona pakati pawo, n'kumakumana nawo pamaliro ndi pamsika, si zamasewera. Ezeulu analipira mtengo umenewo kwa zaka zambiri, ndipo sananong'oneze bondo.

Kachiwiri anaonetsa msana womwewo ku Okperi, komwe kunali likulu la boma la atsamunda m'chigawocho. Boma la Britain linali ndi njira yolamulira anthu kudzera mwa mafumu awo, njira yomwe imadziwika ndi dzina la Lugard, yemwe anali bwanamkubwa wa Britain ku Nigeria, ndipo ku Nyasaland inakhazikika mu 1933. Vuto kwa Aigbo linali lakuti midzi yambiri inalibe mafumu a mtundu womwe azungu ankafuna, choncho boma linkangosankha munthu n'kumupatsa chikalata cha ufumu. Ambiri mwa mafumu a chikalatawa anasanduka zilombo zodya anzawo. M'bukuli muli mmodzi wotere, James Ikedi wa ku Okperi, ndipo m'mbiri yeniyeni mkwiyo pa mafumu amenewa unaphulika mu 1929 pamene amayi a dera la Aba ndi madera oyandikana anaukira. Winterbottom, pokumbukira munthu yekhayo amene ananena zoona pamlandu wa malo, anaganiza zopatsa Ezeulu ufumu wa Umuaro yonse. Mwayi umene ena akanauthamangira, Ezeulu anaukana, nati sadzakhala mfumu ya munthu wina aliyense koma ya Ulu. Winterbottom anali atadwala, ndipo wachiwiri wake, Tony Clarke, anasunga nkhalambayo m'chitokosi masiku 32.

Mpaka apa palibe amene akutsutsa. Koma tibwerere ku tsamba loyamba lija, chifukwa Achebe anabisa mbewu ya tsoka pomwepo. Podikira kuti chilazi chipse, Ezeulu akulingalira za mphamvu zake. Kodi ndi zenizeni? Iye amangolengeza tsiku, sasankha. Akudziyerekeza ndi mwana amene anauzidwa kuti mbuzi iyi ndi yako: amaidyetsa, amaisamala, koma tsiku lophedwa ndi pamene amadziwa mwini wake weniweni. Ndiye akudzifunsa kuti bwanji atakana kulengeza tsikulo? Palibe wansembe amene anakanapo. Ndipo ganizo lakuti iye sangayerekeze kukana likumukwiyitsa ngati wamutukwana mdani. Apa mzungu sanamuitane, ndende sanailowe, akuluakulu sanamusiye yekha. Chilakolako choyesa mphamvu zake chinalimo kale. Zomwe zinadza pambuyo pake zinangochipatsa chifukwa.

Chifukwacho chinabwera, ndipo chinali chomveka. Uthenga wa boma utafika, Ezeulu anaitana akuluakulu a Umuaro kuti awauze. Nwaka anayankha mwachipongwe kuti mzunguyo ndi bwenzi lake, ndiye bwenzi likakuitana ukudabwa chiyani. Anamukumbutsa umboni uja, ndipo aliyense ankadziwanso kuti Ezeulu anatumiza mwana wake Oduche kukaphunzira za Akhristu kuti akakhale diso lake kumeneko, mwana yemweyo amene anatsekera nsato yopatulika m'bokosi. Ena anafuna kuti akuluakulu amuperekeze, iye anakana, napita ndi bala mumtima. Ali m'chitokosi ku Okperi anayamba kuona kuti mdani wake weniweni si mzungu, ndi anthu a kwawo. Anafika pomalakalaka kuti amusunge nthawi yaitali, kuti mlandu wa Umuaro ukule. Miyezi iwiri inaoneka iye ali kutali ndi zilazi zake, ndipo sanazidye.

Pali malo amodzi m'bukuli amene kwa ine ndi mtima wa nkhani yonse, ndipo ambiri amawadutsa mothamanga. Ezeulu wabwerera kwawo, atanyowa ndi mvula m'njira. Anthu ayamba kufika pakhomo kudzamulonjera, ambirimbiri, ena mwa iwo a midzi yomwe ankaiyesa ya adani. Ali ku Okperi ankaona Umuaro ngati mdani mmodzi wopanda nkhope. Tsopano akuona nkhope: uyu mnansi, uyu anabwera ndi mphatso, uyu sanamulakwirepo. Mtima wake ukuyamba kufewa, akuyamba kuganiza zoyanjana ndi anthu ake. Nthawi yomweyo akumva Ulu akumukalipira m'khutu, kumufunsa kuti anamuuza ndani kuti nkhondoyi ndi yake, kuti iye angaithetse momwe akufunira. Nkhondoyo ati ndi ya Ulu ndi Idemili, mulungu wa nsato amene wansembe wake amalimbikitsa Nwaka. Ezeulu akugonja, akudziona ngati muvi chabe pa uta wa mulungu wake, ndipo dzina la bukuli lachokera pamenepa.

Taonani zomwe zachitika. Kufewa kuja kunali chikumbumtima chikugwira ntchito yake. Kanali koyamba m'nkhani yonse kuti chitembenukire kwa mwini wake n'kumuuza kuti mwina wapyola malire. Ndipo chinazimitsidwa ndi mawu amene anabwera atavala ulemerero wa mulungu. Munthu ukakwiya, mnzako angakuuze kuti mtima pansi. Koma ukakhulupirira kuti mkwiyowo si wako, ndi wa kumwamba, angakuletse ndani? Kukhululuka kumasanduka tchimo, kumvera anzako kumasanduka kupandukira mulungu. Kunena kuti ndine muvi chabe kumamveka ngati kudzichepetsa kwakukulu, koma kumachotsa pa munthu udindo wonse. Muvi sufunsidwa mlandu wa amene walasidwa.

Nthawi yokolola itafika, zilazi zopatulika zinali zitatsala zitatu. Ezeulu anati sangalengeze chikondwerero mpaka chitsale chimodzi, ndipo sangadye chilazi mwezi usanaoneke. Kutanthauza kuti miyezi iwiri ina zokolola zikhale m'nthaka, dzuwa likuumitsa dothi, zilazi zikuwonongeka. Akuluakulu a maudindo apamwamba anabwera kwa iye. Sanabwere ndi chipongwe cha Nwaka chija. Anamupempha kuti adye zilazi zotsalazo, ndipo anati ngati Ulu aona kuti ndi tchimo, tsokalo ligwere pamitu pawo. Anamupempha kuti akafunse Ulu nsembe yomwe ingakonze zinthu. Ezeulu analowa m'kachisi, ndipo ali mkati belu la tchalitchi linalira chapafupi. Anatuluka ndi yankho lakuti Ulu wakana.

Amene amamuteteza ali ndi mfundo, ndipo ndiyenera kuziyankha moona mtima. Yoyamba ndi yakuti Ezeulu sananame. Ngakhale mnzake wapamtima Akuebue, yemwe sankamunyengerera, ankakhulupirira kuti munthuyu sangapotoze uthenga wa Ulu. Inenso ndikukhulupirira zimenezo. Banja lake lomwe linavutika ndi njalayo, anthu anasiya kufika pakhomo pake, ndipo bukuli likumuonetsa akusenza ululu wa dera lonse payekha. Wachinyengo sadzizunza chotero. Koma kusanama si mapeto a nkhani. Munthu angathe kunena moona zomwe wamva, pamene khutu lomwe wamvera lili lodwala. Yekha analowa m'kachisi, yekha anamva, yekha anamasulira, ndipo yankho linatuluka lofanana ndi chilango chomwe anachikonza m'maganizo ali ku Okperi. Kufanana kumeneku kukanayenera kumuopsa. Munthu woopadi mulungu wake, akamva mulunguyo akulamula chinthu chomwe mtima wake wokwiya unkachifuna kale, ayenera kubwereranso kukafunsa kachiwiri ndi kachitatu, akunjenjemera.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mwambo ndi mwambo, ndipo wansembe amene amasintha malamulo anthu akalira posachedwa sakhala ndi lamulo lililonse. Izi zili ndi nzeru yake. Ezeulu akanakhala womvera phokoso la gulu, akanadalitsa nkhondo ya Okperi ija. Koma pali kusiyana pakati pa milandu iwiriyi, ndipo kusiyanako n'kwakukulu. Pa nkhani ya malo, iye anakana kuti anthu ake aphe anzawo chifukwa cha dyera. Pa nkhani ya zilazi, anthu ake sankapempha kulanda cha munthu, ankapempha kudya zomwe analima ndi manja awo. Komanso Ulu sanagwe kuchokera kumwamba. Bukuli likunena poyera kuti makolo a midzi isanu ndi umodzi ija anasonkhana n'kumupanga, kuti awateteze kwa ankhondo a Abam amene ankawagwira ukapolo. Anapangidwa kuti Umuaro ikhale ndi moyo. Kuwerenga zilazi kunali njira yodziwira nyengo, kuti anthu akolole pa nthawi yake. Dzuwa, mvula ndi minda zonse zinkanena kuti nthawi yakwana, ndipo Ezeulu ankadziwa bwino lomwe chomwe chinasokoneza chiwerengero: anali m'ndende. Amene amawerenga Baibulo akumbukira wansembe wina, Ahimeleki wa ku Nobu, amene anapatsa Davide wanjala mkate wopatulika womwe lamulo linkati ndi wa ansembe okha. Ahimeleki sananyoze lamulolo. Ankadziwa chomwe lamulolo linaikidwira.

Mfundo yachitatu ndi yolemera kuposa zinazo: kuti wolakwa weniweni ndi boma la atsamunda, lomwe linatsekera wansembe osadziwa n'komwe kuti likuthyola kalendala ya anthu. Izi ndi zoona ndipo ndikuzilemba popanda kuchepetsa. Clarke ankaganiza kuti akuphunzitsa mwambo nkhalamba yamwano. Winterbottom, amene anayambitsa zonse ndi cholinga chomwe iye ankachiyesa chabwino, anachira, anakwatira dokotala amene ankamusamala, ndipo mapeto a Ezeulu sanamukhudze. Ulamuliro wachilendo umatha kuwononga chinthu chachikulu osadziwa kuti wagunda kanthu. Komabe mzungu anangotsegula bala. Akuluakulu anabwera ndi mankhwala, anapereka ndi mitu yawo ngati chikole, ndipo amene anakana mankhwalawo anali Ezeulu. Tikamuchotsera mlandu umenewu timuchotseranso ukulu wake, chifukwa tikhala tikunena kuti anali chidole cha azungu, chinthu chomwe iye anakana kukhala ndi mphamvu zake zonse.

Sindikugwirizananso ndi chigamulo cha anthu a Umuaro kumapeto kwa bukuli. Obika, mwana wa Ezeulu wokongola ndi waukali uja, anapemphedwa kuthamanga usiku ngati mzimu pa mwambo wa maliro, ali ndi malungo m'thupi. Anathamanga, anabwerera, anagwa n'kufa. Bambo ake anasokonezeka mutu, monga anachitira mayi amene anabereka Ezeuluyo. Anthu anati Ulu waweruza, waima ndi anthu ake motsutsana ndi wansembe wouma mutu, ndipo palibe munthu, kaya akule bwanji, amene angapambane mlandu ndi mtundu wake. Chigamulo chimenechi n'chokoma kwa iwo chifukwa chikuwayeretsa. Koma mtundu womwewo unalakwa pa nkhondo ya Okperi, munthu mmodzi n'kukhala wolondola. Mtundu womwewo unasiya wansembe wake kupita yekha kwa mzungu. Gulu si mulungu, ndipo chikumbumtima chomwe chimangotsata gulu sichithandiza aliyense. Ezeulu sanalakwe chifukwa anatsutsana ndi anthu ambiri. Analakwa chifukwa ulendo uno chomwe ankachiteteza chinali bala lake, ndipo anali atatseka makomo onse amene munthu akanalowera kudzamuuza zimenezo.

Ndikudziwa kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo Achebe mwadala sanatiuze ngati Ulu analankhuladi kapena ayi. Wina anganene kuti mulunguyo analankhuladi, ndipo anagwiritsa ntchito wansembe wake n'kumutaya. Ngakhale zitakhala choncho, funso langa silikusintha. Wansembe wa Ulu, malinga ndi mwambo wa Umuaro, anali theka munthu theka mzimu, ndipo pa zikondwerero mbali imodzi ya thupi lake inkapakidwa choyera posonyeza zimenezo. Pa chikondwerero cha masamba a maungu ankathamanga pabwalo, amayi akumuponyera masamba, iye n'kusenza machimo a dera lonse kukawakwirira. Ntchito yake inali ya mbali ziwiri: kubweretsa mawu a mulungu kwa anthu, ndi kutengera kulira kwa anthu kwa mulungu. Pa nthawi ya njala ija anagwira mbali imodzi yokha. Sitikumuona akulimbana ndi Ulu m'malo mwa ana anjala, akukakamira, akupempha kuti chilangocho chichepe, monga Abrahamu anachitira popempherera Sodomu kapena Mose popempherera Aisraeli. Theka la umunthu lija linakhala chete, ndipo ndilo linkafunika kwambiri.

Ichi ndi chifukwa chake Ezeulu amandisautsa kuposa anthu oipa a m'mabuku. Mfumu yachinyengo ngati Ikedi ndi yosavuta kuizindikira, ndipo mlaliki wodyera nkhosa zake amadziwika ndi galimoto yake. Koma mtsogoleri wachipembedzo amene sanadyepo chiphuphu, amene anavutikapo chifukwa cha choonadi, amene mbiri yake yonse ikumuchitira umboni, ameneyo akalakwa palibe amene angamubweze, ndipo iye mwini ali ndi zifukwa zabwino zosadzikayikira. Analondola kale pamene onse ankamutsutsa, ndiye akamva kutsutsa amaganiza kuti ndi chizindikiro chakuti walondolanso. M'mipingo yathu ndi m'mabanja mwathu alipo anthu otere, oongoka, osagulika, amene chiganizo choti Mulungu wandiuza chimatseka nkhani iliyonse. Sindikunena kuti akunama. Ndikunena kuti ayenera kukhala ndi Akuebue wawo, munthu wololedwa kuwafunsa kuti kodi zimenezi wanena ndi Mulungu, kapena ndi zija anakuchitira akuluampingo chaka chatha, ndipo akafunsidwa choncho ayenera kuyankha.

Amene anapindula ndi njala ya Umuaro anali John Goodcountry, mphunzitsi wa tchalitchi, yemwe poyamba ankalimbikitsa Akhristu kupha nsato yopatulika. Anaona mpata, nalengeza kuti aliyense wobweretsa chopereka cha zilazi kwa Mulungu wa Akhristu angakolole munda wake osaopa Ulu. Anthu amene sakanalowa m'tchalitchi chifukwa cha ulaliki anatumiza ana awo ndi zilazi chifukwa cha njala. Chomwe mishoni inalephera kuchita m'zaka zambiri, Ezeulu anaichitira m'miyezi iwiri, iye akukhulupirira kuti akuteteza ulemu wa Ulu. Ndipo Goodcountry sanachite zimenezi mwachifundo chokha. Anaonetsetsa kuti anthu amve kuti chopereka chisakhale chilazi chimodzi monga ankaperekera kwa Ulu, abweretse zambiri, ndi mbewu zina, ziweto ndi ndalama zomwe. Mphamvu yolola kapena kuletsa anthu kudya zolima zawo sinathe ku Umuaro. Inangochoka m'manja mwa wansembe wina n'kulowa m'manja mwa wina, amenenso ankati akulankhula m'malo mwa Mulungu.